Dzina la Wamalonda pa Doko la Kachulu: Kuchoka Pakamwa pa Anthu Kufika pa Nambala ya Foni

Nyanja ya Chilwa, yomwe David Livingstone ndi John Kirk anaiona mu Epulo 1859 n'kuilemba kuti Shirwa, ndi nyanja yosaya ndiponso yopanda mtsinje wotulutsa madzi, kotero kuti kukula ndi kuchepa kwake kumadalira mvula yogwa m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, yomwe imatsika ndi mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Kumadzulo kwake, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo, kuli doko la Kachulu, pomwe pamakocheza mabwato ochokera ku chilumba cha Chisi ndi a asodzi okhala m'zimbowera, zomwe ndi timisasa tomangidwa pa udzu woyandama pakati pa madzi. Matemba, makumba ndi milamba ya pa dokoli yakhala ikudyetsa Zomba, Limbe ndi anthu ogwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo m'zaka zabwino nyanjayi inkapereka nsomba zoposa matani 20,000.

Chuma cha wogulitsa nsomba pa doko lotere chinali cha mitundu iwiri kuyambira kale. China chinali chooneka, monga njinga, madengu, thandala loyanikapo matemba ndi mpamba, ndiye kuti ndalama zoyambira malonda. China chinali dzina, kutanthauza kudziwika kwa munthu pakati pa asodzi omwe ankamupatsa nsomba pa ngongole ndi ogula a m'tauni omwe ankadikira katundu wake m'malo mopikula kwa wina. Dzinali silinkalembedwa paliponse, koma linkakhala m'mitu ya anthu, ndipo pachifukwa chimenechi panalibe amene akanalilanda tsiku limodzi. Nyanja itauma mu 1968, pamene akatswiri a Yunivesite ya Malawi ankachita kafukufuku amene Margaret Kalk ndi anzake anadzamusindikiza m'buku mu 1979, komanso itaumanso mu 1995, asodzi ambiri anasamukira ku Chiuta, ku Malombe ndi ku Nyanja ya Malawi, ena anatembenukira ku ulimi wa mpunga ndi kusaka mbalame. Nsomba zinatha, mabwato anang'aluka pamatope ouma, koma madzi atabwerera wamalonda anapeza omukhulupirira ake ali pomwepo, chifukwa iwo ankamudziwa nkhope, mudzi ndi abale ake. Mkangano wa ngongole ukabuka, unkakambidwa pabwalo la mfumu, ndipo pambuyo pa 1995 makomiti oyang'anira madoko anayamba kuthandizana ndi mafumu pa zausodzi.

Foni ya m'manja inasintha kumene dzinali limasungidwa. Kampani ya TNM inayamba ntchito mu 1995, Celtel inabwera mu 1999 n'kudzasanduka Zain kenako Airtel mu 2010, ndipo ngakhale kuti netiweki inafika kumidzi mochedwa, wopikula wa ku Limbe anayamba kufunsa mtengo wa matemba asanakwere galimoto. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, nambala yomweyo inakhalanso chikwama cha ndalama, ndipo mafoni otsegula intaneti atatsika mtengo, inakhala khomo lolowera pa WhatsApp ndi Facebook. Pang'onopang'ono ogula ena anayamba kumudziwa wamalonda ndi nambala chabe, osaonana naye maso, ndipo zimenezi zinakulitsa msika wake kwinaku zikuika dzina lake m'manja mwa makampani omwe sanapondepo pa Kachulu.

Chaka cha 2018 chinaonetsa bwino kusiyana kwa mitundu iwiri ya kutaya. Nyanja inaphweranso mpaka anthu ankakankha mabwato m'ngalande zamatope kuti afike ku Chisi, ndipo chaka chomwecho bungwe la MACRA, potsatira lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, zosalembetsedwa zitsekedwe. Kalembera wa zitupa za unzika anali atachitika mu 2017, ndipo cholinga cha lamuloli, chochepetsa umbava wa pafoni, chinali chomveka. Komabe kumudzi simu nthawi zambiri imagulidwa ndi wina n'kumagwiritsidwa ntchito ndi wina, mwina mayi woyanika nsomba yemwe nambala yake inalembetsedwa ndi chitupa cha mwamuna wake kapena cha mwana, ndiye foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, wopita kukabwezeretsa nambalayo ayenera kukhala mwini chitupa. Banja likatha, makasitomala amatha kutsalira kwa amene sanagulitsepo nsomba.

Vutoli limakula kwambiri kwa anthu omwe katundu wawo ndi luso, monga oimba, azisudzo, ojambula zithunzi za paukwati ndi achinyamata ojambula makanema aafupi, omwe tsopano amapezeka ku Jali ndi m'misika ina ya m'boma la Zomba monga momwe amapezekera m'tauni. Wogulitsa matemba akataya nambala amatha kubwerera pa doko pomwe amadziwika, koma woimba amene omutsatira ake ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg alibe doko lina kupatula tsamba lake. Phindu lake limabwera kudzera mwa omuitana kukaimba, amalonda ofuna kulengezetsa katundu ndi omutumizira kangachepe, ndipo onsewa amayang'ana chiwerengero cha otsatira tsambalo. Akaunti, yomwe ndi chilolezo cholowera pa tsamba, imatayika m'njira zingapo: akathyali amanyengerera mwini wake kuti awauze manambala asanu ndi limodzi omwe WhatsApp imatumiza potsimikizira umwini, kampani imatseka tsamba ponena kuti laphwanya malamulo ake, kapena nambala yomwe yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imaperekedwa kwa munthu wina. Wakubayo amagwiritsa ntchito dzina lomwelo kupempha ndalama kwa achibale ndi makasitomala, kotero kuti mwini wake amataya omutsatira komanso mbiri yake.

Lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa kulowa m'akaunti ya wina popanda chilolezo, koma kugwidwa kwa wakuba sikubweza tsamba, pakuti kiyi wake ali ndi kampani ya ku California, ndipo madandaulo amalembedwa pa fomu ya Chingerezi yomwe nthawi zambiri imayankhidwa ndi makina. Apa palibe mfumu, nduna kapena mboni yodziwa makolo a wodandaula. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi chifukwa cha kulakwitsa kwa mainjiniya a kampaniyo, ndipo usiku umenewo wopikula wa ku Limbe wofuna kudziwa ngati matemba akocheza anafunika kuimba foni wamba kwa munthu amene ankamudziwa pa Kachulu.