Kadzidzi ndi Mbiri ya Mapiko Opanda Phokoso

Inu anyamata ndi atsikana a ku Kafue Estates munabadwira m'tauni ya makina. Nyumba zanuzo zinamangidwira anchito a m'mafakitale, monga Kafue Textiles ndi Nitrogen Chemicals of Zambia imene inayamba kupanga feteleza mu 1970. Kulira kwa fani ndi kwa sitima simucita kufunsa. Koma kodi mudziwa kuti mbalame imene ena a inu mumaiponya miyala ikatera pa mtenje, ndiyo yakhala ikuphunzitsa akatswiri a ndeke kucepetsa phokoso kwa zaka 90?

Kwathu kuno kadzidzi akalira pa denga anthu amati maliro ali pafupi, ena amati ndi ndeke ya mfiti. Cimodzi cimene cimaopsa anthu ndi cakuti amafika osamveka. Njiwa ikauluka mumva phaphapha, koma kadzidzi mungoona cithunzithunzi cadutsa.

Mu 1934 woyendetsa ndeke wina wa ku Britain, R. R. Graham, anayang'anitsitsa nthenga za mbalameyi nalemba zinthu zitatu. Kutsogolo kwa phiko kuli timano tonga cipeso. Pamwamba pali ubweya wofewa. Kumbuyo, kumene nthenga zithera, kuli mphonje zofewa zimene mphepo ipyolamo. Graham anati cinsinsi cagona pamenepo, koma masamu otsimikizira analibe. Nkhondo itabwera mu 1939, anthu anafuna ndeke zaliwiro, osati zacete.

Yankho linadza mu 1970, caka comwe cija fakitale ya feteleza inatseguka kwanuko. Akatswiri awiri, Ffowcs Williams ndi Hall, anaonetsa kuti phokoso lambiri la phiko limabadwira kumbuyo kwake. Tamvetsani bwino apa. Mphepo ikamayenda pa phiko imapanga tiakamvuluvulu tating'ono tosaoneka. Tili pakati pa phiko sitimveka kwenikweni. Koma tikafika pa nsonga yolimba ndi yakuthwa ngati mpeni, pamene mphepo ya pamwamba ikumana mwadzidzidzi ndi ya pansi, mphamvu yake isanduka phokoso. Ndipo masamu ao ndi oopsa: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya phokosolo iwirikiza ka 32.

Tsono anthu anayamba kufunsa kuti, bwanji nsongayo ikakhala yoboolaboola? Michael Howe anawerengera zimenezi mu 1979. Ganizo lake ndi losavuta. Mukatsegula mwamsanga botolo la thobwa lowira limaphulika, koma mukamasula citseko pang'onopang'ono limangoti fwii. Timabowo timalola mphepo ya mbali ziwiri kuyamba kusakanikirana isanafike kumapeto, motero kukumanako sikukhala kwadzidzidzi. Ku Germany, Herr ndi Dobrzynski anamata timaburashi kumbuyo kwa phiko mu 2005, phokoso nkutsika. Mu 2010 Geyer ndi Sarradj a ku Cottbus anayesa mapiko opangidwa ndi zinthu zonga siponji. Mu 2013 Jaworski ndi Peake a ku Cambridge anaonetsa ndi masamu kuti nsonga yofewa ndiponso ya mabowo, monga ya kadzidzi, ingafooketse kwambiri phokoso lija la Ffowcs Williams ndi Hall.

Musaganize kuti nkhani yatha. Phiko limanyamula ndeke cifukwa mphepo ya pansi imakankha koposa ya pamwamba. Mukaboola phiko lonse, mphamvu yonyamulayo idontha ngati madzi m'ndowa yobooka, ndeke nkumadya mafuta ambiri. Mabowo akakula, iwonso ayamba mluzu wao. Ndiye akatswiri, monga a ku Delft ku Netherlands, amangoika citsulo conga siponji pa kagawo kakang'ono ka kumbuyo. Ndipo ife odziwa fumbi la mwezi wa October tingafunsenso kuti timabowoto adzatitsuka ndani tikatsekeka.

Cimene cafika kale kunja ndi mbale wake wa njirayi, ndiko kudula nsonga ya phiko ngati mano a sowo. Mu 2009 Oerlemans ndi anzake anayesa mano otere pa makina aakulu opanga magetsi ndi mphepo, ndipo phokoso linatsika ndi madesibelo ngati 3, kutanthauza theka la mphamvu yake. Ku Japan, sitima yothamanga ya Shinkansen 500 ya mu 1997 inali ndi timano totengera kwa kadzidzi pa ndodo yokhudza waya wa magetsi, kuti okhala m'mbali mwa njanji agone tulo.

Nanga kadzidziyo acitiranji zonsezi? Njala basi. Roger Payne anaonetsa kuti kadzidzi woyera nkhope, uja wokonda madenga a machalichi ndi masukulu, amagwira mbewa mumdima wa bii ndi makutu okha. Mapiko akadacita phokoso, sakadamva mbewa, ndipo mbewa ikadamva iye. Makoswe amene amagwira usiku ndi omwewo akanatha cimanga m'nkhokwe ya agogo anu.

Umboni wina uli m'mbali mwa mitsinje yathu. Ku Kafue, Luangwa ndi Zambezi kumapezeka kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba, amene Azungu amamucha Pel's fishing owl. Iyeyu alibe mphonje zofewa zija, ndipo akauluka mapiko ake amamveka ndithu. Nsomba ili m'madzi siimva za m'mwamba.