Kalonga, Undi ndi Lundu: Kodi Umodzi Ukadatheka?

Ife amene tidaphunzira mbiri ya Eklezia tikumbukira kuti Columba Woyera adachoka ku Ireland m'chaka cha 563 nakakhala pa chilumba cha Iona, pakati pa anthu a chinenero chake chomwe. Anthu a ku Ireland ndi a ku Scotland adali pachibale, komabe Edward Bruce, amene adawoloka nyanja mu 1315 kuti awamange pamodzi ndi nkhondo, adafera ku Faughart mu 1318.

Mbiri yathu siili kutali ndi imeneyo. Undi adapatukana ndi Kalonga ku Mankhamba nakakhazikika ku Mano. Lundu adalamula chigwa cha Shire mpaka Muzura adamgonjetsa mu 1622 mothandizidwa ndi Apwitikizi. Tsono malire a 1891 sadang'ambe ufumu umodzi ai, adapeza mafumu atagaŵana kale. Chimene chidalunzanitsa Acheŵa ndi kachisi wa Makewana ku Msinja, m'boma la Lilongwe lino, kumene mafumu akutali ankatumiza mitulo popempha mvula. Tiganiza kuti umodzi ukadaphuka pamenepo. Koma Angoni adapasula Msinja, ndipo amishoni a ku Nkhoma ndi ansembe athu a ku Likuni adafika akulimbirana midzi yomweyo.