Nkhokwe ya M'thengo

Caka ca 1941, nkhondo itatsekereza zombo zotengera malalanje ku Mangalande, boma la kumeneko linapempha ana a sukulu kukachera tizipatso tofiira ta maluwa a rozi a m'thengo. Tizipatsoto anaphika ndi shuga, napanga manyuci olimbitsa makanda.

Ifenso kuno ku Tsangano tiri naco cuma cotere. Makolo athu ankatola masuku pa kugwa kwa mvula, cimanga citacepa m'nkhokwe, nafinyira madzi ace m'phala la ana. Ndipo pa njala ya 1949 zipatso ndi mizu ya m'thengo zinapulumutsa ambiri m'dziko muno.

Tsono, abale, tisanagwetse msuku kuti tioche makala, tikumbukire kuti mtengowo ndiwo nkhokwe yosamangidwa ndi munthu.