Mpeni wa Dokotala Bowie

Mantha a opaleshoni

Ku Chemusa, ku Mbayani ndi kwina anthu amati wodwala khansa akangomung'amba, matenda amafalikira thupi lonse. Pomva zimenezi, amayi ena amabisa chotupa cha m'bere mpaka chitasanduka chilonda. Manthawa sadabwere chabe. Kale opaleshoni inkaphadi anthu. Pamene Mfumukazi Victoria inkayamba kulamulira ku Britain mu 1837, madokotala ankacheka munthu ali maso, atamugwira manja ndi miyendo. Mankhwala ogonetsa otchedwa chloroform adayamba kugwira ntchito ku Edinburgh mu 1847. Mu 1867 Joseph Lister adaphunzitsa anzake kutsuka mabala ndi zida kuti tizilombo tife. Kuyambira pamenepo mpeni udayamba kuchiritsa ambiri. Kuno kwathu, Dokotala Robert Laws adagonetsa mnyamata wina ku Cape Maclear mu 1876, namuchotsa chotupa pamwamba pa diso. Mnyamatayo adadzuka, ndipo adachira.

Dokotala wa pa Mishoni

Kuchoka ku Chemusa kukafika pa HHI si ulendo wautali. Pamalo amenewo, pa Mishoni ya Blantyre, padafika Dokotala John Bowie mu 1887. Iye adaphunzira ku Edinburgh, ndipo adasiya ntchito ya ndalama zambiri ku London. Alongo ake awiri adakwatiwa kwa amishonale a pomwepo, wina kwa David Clement Scott, amene adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, wina kwa Henry Henderson, mwini dzina la HHI. Mu Januwale 1891 mwana wa Henderson adadwala diphtheria. Nthenda imeneyi imayala kachikopa kukhosi, mwana n'kumabanika. Bowie adaboola khosi la mwanayo ndi kuikapo kapaipi kopumira. Kapaipiko katatsekeka, adayamwa zotsekazo ndi pakamwa pake, akudziwa bwino kuti akhoza kutenga matendawo. Mwanayo adamwalira. Mayi wake adamwalira. Bowie naye adatsatira mwezi womwewo, ndipo Henderson, yemwe adatsala yekha, adakafera ku Quelimane pa ulendo wobwerera kwawo.

Nanga si mpeni udalephera?

Wina anganene kuti nkhani imeneyi ikuvomereza manthawo, poti opaleshoni idachitika koma maliro adagwa atatu. Koma tiyang'ane bwino. Mpeni udatsegula njira ya mpweya, ndipo ntchito yake idathera pomwepo. Chimene chidapha anthuwo ndi poizoni wa tizilombo amene adali atalowa kale m'magazi, komwe mpeni sufika. Khansa nayo imatero. Ikakhala pamalo amodzi, dokotala amaichotsa yonse. Ikayenda kufika m'mapapo kapena m'chiwindi, mpeni umachotsa chooneka chokha, ndipo munthu akamwalira abale amati wamupha ndi opaleshoni, pamene matenda adali atafalikira kale wodwalayo asanafike ku chipatala cha Queens. Madokotala a nthawi ya Bowie ankayesa kuthamangitsa khansa pocheka kwambiri. Ku America, William Halsted ankachotsa bere lonse, minofu ya pachifuwa ndi zam'khwapa. Komabe amene khansa idali itawayenda kale m'thupi sankachira.

Ena amati izi n'za azungu. Komatu mu 1896 Dokotala Neil Macvicar adafika pa mishoni yomweyi, nayamba kuphunzitsa anthu akuda ntchito ya chipatala. Mmodzi mwa oyamba adali John Gray Kufa, amene atsamunda adamupha mu 1915 pa nkhondo ya Chilembwe. Lero ambiri ochita opaleshoni ku Queens ndi ana athu omwe.

Zimene Bowie adalibe

Diphtheria sidagonje ndi mpeni. Idagonja ndi katemera, yemweyu amene ana amabayidwa kusikelo akakwana milungu 6, 10 ndi 14. Khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi muno, nayo ili ndi katemera wake. Boma lidayamba kumupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019. Amayi akuluakulu amayezedwa kwaulere m'zipatala za boma. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pamene payera amapawotcha ndi kachida kakang'ono, nthawi zambiri tsiku lomwelo, popanda kung'amba.