Timakobidi ta mkuwa ta Aroma ndi nkhani yomwe timasimba

M'chaka cha 294, mfumu ya Aroma Diocletian inatulutsa khobidi latsopano la mkuwa, lolemera pafupifupi magalamu 10, losakaniza ndi siliva pang'ono. Mitengo ya zinthu inali itakwera zedi, ndipo mfumuyo inkafuna kuti anthu ayambirenso kukhulupirira ndalama. Sizinatheke. Khobidilo linkangochepa, moti pofika chaka cha 330, mu ulamuliro wa Constantine, silinkakwananso magalamu 3.

Kuchepaku kumaoneka ndi maso. Pa khobidi lolembedwa GLORIA EXERCITVS, lotamanda ankhondo, poyamba pankaima asilikali awiri, pakati pawo pali mbendera ziwiri. Patangopita zaka zochepa khobidi linachepanso, ndipo mbendera inatsala imodzi.

Wongoyamba kumene kusonkhanitsa timakobiditi amathamangira nkhope ya mfumu, n'kusokonezeka, pakuti ana a Constantine ankawajambula ofanana ngati mapasa. Wozolowera amatembenuza khobidi, n'kupenyetsetsa timalemba ta m'munsi, tosonyeza mzinda womwe linasulidwa. TR ndi Trier ku Germany, SIS ndi Siscia m'dziko lomwe lero ndi Croatia, ALE ndi Alexandria ku Egypt. PLN ndi London, komwe anasiya kusula makobidi cha m'ma 325. Nthawi zambiri pamakhalanso chilembo china chosonyeza gulu la osula lomwe linagwira ntchitoyo. Zonsezi anazisanja bwino Carson, Hill ndi Kent m'buku lawo la 1960, Late Roman Bronze Coinage, lomwe osonkhanitsa akuligwiritsabe ntchito.

Mu 2013, Laurence Egerton, akufufuza ndi makina ozindikira zitsulo pansi, anapeza nkhokwe ya makobidi ku Seaton Down, m'chigawo cha Devon ku England. Atawawerenga anakwana 22,888, ambiri a banja la Constantine. Bamboyu sanathamangire kufukula zonse yekha. Anaitana akatswiri, ndipo usiku ankagona m'galimoto pafupi ndi dzenjelo kulondera. Apa ine ndimamuvulira chipewa, chifukwa khobidi losadziwika komwe linatoledwa limakhala litataya theka la nkhani yake. Lero makobidiwo akusungidwa ku Royal Albert Memorial Museum mumzinda wa Exeter.

Ambiri mwa makobidi a mtunduwu ndi otchipa pamsika, pakuti anasulidwa ochuluka kwadzaoneni, ndipo n'chifukwa chake ena amawatenga mosasamala. Inu mukadzagwira limodzi, musalikweche ndi mchenga kapena kuliviika m'mankhwala kuti liwale. Kubiriwira kwa pamwambako ndi kumene kumateteza timalemba. Lembani kulemera kwake, kukula kwake ndi komwe linachokera, kenaka mulisunge pamalo pouma.