Agogo amene anaswa mphanje pano

Senderani kuno adzukulu anga, ndikuuzeni za mwini munda umene mukudyamo lero. Inu mumangoti "kumunda kwa agogo", koma ine ndinawaona ndi maso angawa, ndipo ndinkawapititsira thobwa m'chipanda dzuwa likafika pamutu.

Agogowo sanabadwire kuno. Anachokera kwa Apwitikizi, cha ku phiri la Namuli, kumene ife Alomwe timati ndiko kuchimake kwa makolo athu. Anathawa msonkho, chibalo ndi zikwapu. Anawoloka mtsinje wa Ruo usiku ali mnyamata, atatsogoza alongo awo awiri. Katundu analibe. Anangomanga pansalu mbewu ya nandolo ndi kalongonda, ndi kamtolo ka mitengo ya chinangwa pamutu.

Kuno anafikira pa esiteti ya mzungu, ndipo mpamene anadziwira thangata. Mawuwa kale ankanena za kuthandizana ntchito pamudzi, koma azungu a minda anawasandutsa goli. Munthu ankagwira mwezi umodzi wolipirira malo amene wamangapo nyumba, mwezi wina wa msonkho. Kapitawo ndiye ankadula tikiti. Ukalephera kumaliza ndime, tsikulo silinkawerengedwa, moti mwezi unkatalika mpaka kulowa mwezi unzake. Chowawitsa mtima n'chakuti ntchitoyi inkagwa m'dzinja, pamene munda wako ukufuna khasu. Agogo ankati anapalira thonje la mwini, chimanga chawo chikufiira m'udzu.

Mu Januwale 1915, John Chilembwe wa ku Mbombwe ataukira boma, asilikali anayenda m'midzi kusaka anthu ndi kutentha nyumba, ndipo Alomwe, amene ankanyozedwa kuti Anguru, ankakayikiridwa kwambiri. Zitazizira, agogo anasonkhanitsa mbumba yawo natsikira kuchigwa chino cha Phalombe.

Amfumu anawalozera tchire lokhalokha. Anawo inu, musamaone ngati minda imamera yokha. Pano panali mitengo yoti anthu awiri sakanaikumbatira. Agogo ankagwetsa ndi nkhwangwa m'chilimwe, kuunjika nthambi pazitsa, kudikira ziume, n'kutentha. Chitsa chimodzi chinkawadyera masiku. Dothi lamakandeli likauma limalimba ngati mwala, likanyowa limakakamira kukhasu, koma iwo analitembenuza ndi manja mpaka zikhatho zinachita zipsera. Mapira akayamba kucha ankagona pansanja kumunda, moto uli pansi, kuingitsa nguluwe usiku ndi anyani m'mawa. Chaka choyamba anadya kalongonda, uja wophika tsiku lonse n'kumataya madzi ake kuti asaledzeretse. Chaka chachitatu anaimika nkhokwe ziwiri, ndipo abale ena atamva anayamba kubwera kudzamanga pafupi. Mudzi uno unayamba choncho.

Sanali munthu wa mawu ambiri. Koma pa chinangwa sankagonja. Anthu atatengeka ndi chimanga, iwo ankasiyabe chigawo cha munda, ngakhale achinyamata ankawaseka kuti nsima ya makaka ndi ya amphawi. Njala ya 1949 itagwa, ine ndinali kamwana kodziwa kale zinthu. Mvula inadula, chimanga chinapserera chisanamasule, anthu anayamba kukumba mizu kutchire. Agogo anakumba chinangwa chawo, ndipo aliyense wofika pakhomo ndi kalichero ankabwerera nako kali ndi kanthu. Pabanja pathu sitinaike maliro chaka chimenecho.

Anakhala ndi moyo mpaka kumva kuti thangata watha, naonanso mbendera yatsopano mu 1964. Munda anausiyira ana a alongo awo, monga mwa mwambo wathu, n'chifukwa chake unafika kwa amayi anu.

Agona kumsitu kuja kuseri kwa dambo, pa mitengo yokhayo imene nkhwangwa yawo sinakhudze. Mukapita kukalambula kumanda chilimwe chino, muyambire pamtumbira uja uli ndi mwala wakuda kumutu. Ndi wawo umenewo.