Chitetezo cha antchito m'mafakitale a Blantyre: udindo udachoka kuti, wafika pati?

Mzinda wa Blantyre udamangidwa ndi manja a anthu omwe sadapatsidwe malo pakati pake. Amishoni a ku Scotland adafika mu 1876, kampani ya Mandala idatsatira, ndipo njanji itafika mu 1908 fodya adayamba kukonzedwa ku Limbe. Anthu akuda ogwira ntchitozi ankagona kunja kwa tauni, m'mbali mwa mapiri, ndipo m'kupita kwa zaka Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni zidadzaza. Ufulu utabwera, ku Makata, kufupi ndi Ndirande, kudatsegulidwa fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu 1967 ndi ya mowa ya Carlsberg mu 1968. Mumzindamu mudakhalanso mafakitale a simenti, penti, sopo ndi feteleza, ndipo a ku Chirimba adadzakokera anthu ku Machinjiri. Zikwi za abambo ndi amayi zidayamba kugwira asidi, soda, utoto ndi mpweya woipa tsiku ndi tsiku. Mbiri ya anthuwa ikuphunzitsa kuti chitetezo chawo chimayenda pamodzi ndi mawu awo: pomwe wantchito adatsekedwa pakamwa, ngozi idakhala mlandu wake yekha, ndipo pomwe adapeza polankhulira, udindo udayamba kusamukira kwa mwini fakitale, komwe uyenera kukhala.

Lamulo la mafakitale lomwe tidalowa nalo mu ufulu lidatengera la ku Britain, ndipo maso ake adali pa zooneka: lamba wa makina, mphika wa nthunzi, chikepe chonyamula katundu. Chala chikaduka, aliyense amaona magazi. Koma mankhwala a m'fakitale amapweteka mwakachetechete. Munthu amapuma fumbi zaka khumi, n'kupuma pa ntchito, n'kukatsokomolera kumudzi, ndipo achibale amangoti ndi matenda kapena amulodza. Mwambo wopatsa antchito kapu ya mkaka akaweruka, poti umatsuka m'chifuwa, udakhazikika m'malo ambiri a fumbi ndi penti. Mkaka umapita m'mimba, pomwe fumbi limakhala m'mapapo, koma kapuyo inkatonthoza wantchito ndi kupeputsa bwana. Wofunsa zambiri adalibe pothawira, chifukwa mabungwe a antchito adali ataikidwa pansi pa chipani cholamula cha Malawi Congress Party, ndipo kudandaula pagulu kunkaoneka ngati kuukira boma. Amalawi omwe adapita ku migodi ya golide ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba antchito la Wenela adaona zomwezi: ambiri adabwerako ndi mapapo owonongeka ndi fumbi la miyala, ndipo mgwirizano woti makampani a migodi awapepese udachitika mu 2018, ochuluka atamwalira kale.

Chete adatha mu Meyi 1992, miyezi iwiri mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma. Antchito a ku David Whitehead adanyanyala ntchito, sitalaka idafalikira mumzinda wonse, ndipo anthu oposa 30 adaphedwa. Chomwe ankafuna kwenikweni chidali malipiro, koma zomwe zidatsatira zidakhudza thupi la wantchito. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, mu ndime 31, adapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Mu 1996 kudabwera lamulo lomasula mabungwe a antchito, mu 1997 lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha pantchito lidalowa m'malo mwa lakale la mafakitale, ndipo mu 2000 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito. Lamulo la 1997 lidaika pa olemba ntchito udindo wosamala malo, kuphunzitsa anthu kuopsa kwa zomwe akugwira, kupereka zovala zodzitetezera, ndi kukhazikitsa komiti ya chitetezo pomwe antchito ndi ochuluka. Ndondomeko ya zaka zimenezi ikunena yokha: malamulo otetezera thupi adabwera pambuyo pa ufulu wolankhula.

Alipo akapitawo omwe amati lamulo lidakondera, popeza ngozi zambiri amaziputa ndi antchito eni ake: amavula chotchinga kukamwa, amagwira soda ndi manja, ena amakagulitsa majombo kumsika. Izi zimachitikadi, ndipo lamulo lomwelo limafuna kuti wantchito adzisamale ndi kusamala anzake. Koma tiyeni tiyang'ane munthu wonyamula matumba a feteleza m'shedi ya malata mu Okutobala. Thukuta ladzaza chotchinga chija, mpweya sukulowa, ndipo malipiro ake akuwerengedwa ndi matumba omwe wasenza. Akachivula, wasankha pakati pa kubanika lero ndi kudwala mawa. N'chifukwa chake akatswiri a zachitetezo padziko lonse amaika zovala kumapeto kwa mndandanda. Choyamba ndi kuchotsa mankhwala oopsawo kapena kusintha ndi ena ofatsa. Zikakanika, atsekeredwe m'mapaipi ndipo paikidwe makina okoka fumbi ndi nthunzi. Kenako pamabwera maphunziro, kusinthana, ndi madzi oyenda pafupi otsukira maso asidi akathovokera. Zonsezi zili m'manja mwa mwini ndalama. Wantchito sangasinthe paipi kapena kuboola zenera, ndiye kumuweruza ndi magolovesi okha n'kuyambira kumapeto.

Ena amatsutsa ndi mfundo yolemera kuposa apa. Amati dziko ndi losauka, mafakitale ambiri adagwa kapena kuchepetsa anthu chuma chitamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo kupanikiza otsalawo n'kuthamangitsa ntchito. Wantchito naye amadzitonthoza kuti walira mvula walira matope. Mantha awa ndi oona, ndipo aliyense woona mzere wa aganyu pageti la fakitale m'mamawa sangawapeputse. Komabe ndalama yomwe kampani yasunga posagula makina okoka fumbi siisowa, imangosamukira kwa ena. Amailipira mayi wa ku Ndirande wochapa ovololo yodzaza mankhwala m'beseni lomwe asambitsiramo mwana. Limailipira banja lomwe lagula chigubu chochokera kufakitale n'kumasungiramo madzi akumwa, osadziwa chomwe chidalimo. Amailipira ochapa ndi olima madimba m'mbali mwa Mudi, mtsinje womwe kuipa kwa madzi ake kwadandaulitsa anthu kwa zaka zambiri, komanso chipatala cha Gulupu chomwe chimalandira odwalawo. Mu Disembala 1984, mpweya wa poizoni udatuluka m'fakitale ya Union Carbide ku Bhopal, m'dziko la India, n'kupha zikwi za anthu, ambiri a iwo osauka ogona m'tinyumba toyandikana ndi mpanda. Mafakitale athu ndi ang'ono poyerekeza ndi imeneyo, koma kamangidwe ka Makata ndi Ndirande n'kofanana: nyumba zili pakhomo pa fakitale.

Mu 2019 Malawi idavomereza mapangano atatu a bungwe la zantchito padziko lonse la ILO okhudza chitetezo cha pantchito, ndipo pa pepala dziko lafika patali. Chotsala ndi chomwe mbiri yaonetsa kale. Oyendera mafakitale a Unduna wa Zantchito sangakhale paliponse tsiku lililonse, choncho mlonda weniweni ndi munthu yemwe waima pa makinawo. Munthuyo ayenera kuwerenga chenjezo la pa mgolo m'Chichewa, kudziwa dzina la chomwe akupuma, kuyezedwa m'chifuwa kampani ikulipira, ndi kusankha yekha omuimira mu komiti ya chitetezo. Waganyu, yemwe nthawi zambiri amapatsidwa ntchito yonyansa kwambiri ngati kutsuka matanki, ayenera kutetezedwa mofanana ndi wolembedwa. Koposa zonse, wonena kuti valavu ikudontha asaope kuti mawa dzina lake lisowa pa mndandanda. Pomwe mantha amenewo alipo, malamulo a 1997 sadafike, ngakhale atapachikidwa pakhoma la ofesi.